Damu la Mulungushi ndi Madamu Aang'ono a m'Mafamu

 Ambiri a inu mudafikako ku Mulungushi tsiku la Sabata, kukawedza nsomba kapena kukaonerera mabwato a kalabu. Koma kodi mudziwa cimene anamangira damu limenelo? Sanalimangire masewera ai.

M'caka ca 1902 Mzungu wina dzina lace T. G. Davey anapeza miyala ya mtobvu ndi zinki pa malo ano, nawacha Broken Hill, kutengera dzina la mgodi wina wa ku Australia. Njanji inafika mu 1906. Koma mgodiwo unali ndi mdani wamkuru, ndiye madzi a pansi pa nthaka, amene anali kudzaza m'maenje usana ndi usiku. Kuti awapope, ndiponso kuti ayenge zinki, panafunika magetsi ambiri. Tsono eni mgodi anacinga mtsinje wa Mulungushi, ndipo mu 1925 Prince of Wales anadzatsegula damulo. Pambuyo pace, nchito itakula, anamanganso nyumba ya magetsi pa Lunsemfwa, ndi damu la Mita Hills m'zaka za m'ma 1950. Mabwato ndi mbedza zinadza m'mbuyo, monga mbalame zifika pamene wina walima mapira.

Mgodi unatsekedwa mu 1994, koma madamu awiriwa sanasiyidwe amasiye. Anagulidwa ndi kampani ya Lunsemfwa Hydro Power, ndipo popeza madzi ace abala ndalama, pali akatswiri oyang'anira makoma ace. Nkhawa yathu iri pa madamu ena aang'ono, a dothi, amene alimi anamanga m'mafamu ozungulira tauni kuti ng'ombe zimwe ndi kuthirira mbeu. Ena mwa iwo lero ndi malo ongocezerako, kumene anthu alipira pa geti kuti awedze, asambire ndi kuwocha nyama. Famu isintha manja, amene anamanga damu anamwalira kale, ndipo mwini watsopano aona kukongola kwa madzi, osadziwa zimene ziri m'kati mwa khoma.

Mbiri ya damu lotere idalembedwa ndi misozi ku America. Kumtunda kwa mzinda wa Johnstown, m'dera la Pennsylvania, kunali damu lakale la dothi lochedwa South Fork. Anthu olemera a ku Pittsburgh, ena mwa iwo Andrew Carnegie ndi Henry Clay Frick, anali ndi kalabu yao ya uzimba ndi kuwedza pamenepo. Mipope yoturutsira madzi pansi pa khoma inali itacotsedwa kale, ndipo a kalabu sanaibwezere. M'malo mwace anadula msinkhu wa khoma kuti mseu wa pamwamba utakasuke, ngolo zao zizipita bwino. Pa mpata wotayira madzi anaikapo sefa ya zitsulo kuti nsomba zao zisathawe. Taonani nzeru zace za munthu wokonda nsomba!

Pa 31 May 1889 kunagwa mvula yoopsya. Zinyalala ndi mitengo zinatseka sefa ija, madzi anasefukira pamwamba pa khoma, nalikumba mpaka linagamuka. Pasanathe ora limodzi cigumula cinali citayenda mamailosi 14 ndi kulowa mu Johnstown. Anafa anthu 2,209. Otsala anakasuma ku makhoti, koma kalabuyo sinalipitsidwe kanthu.

Musati izi nza kutali kapena zakale. Pa 9 May 2018, usiku, damu la pa famu ina ku Solai m'dziko la Kenya linaphulika, ndipo anthu oposa 40 anafa, ambiri a iwo ana. Kwathu kuno, mu December 2020, damu la Kandesha ku Mumbwa linagamuka, madzi nagwetsa nyumba za anthu. Inu a ku migodi simunaiwale za pa 18 February 2025, pamene damu la zinyalala za mgodi ku Chambishi linataya madzi a asidi m'Mwambashi ndi m'Kafue, mpaka mipope ya ku Kitwe inatsekedwa. Limenelo silinali la masewera, koma khoma logamuka ndi limodzimodzi.

Damu la dothi limafa imfa ziwiri. Yoyamba ndi ija ya ku South Fork, madzi kulumpha khoma cifukwa mpata wao wotulukira wacepa kapena watsekeka. Yaciwiri njacinsinsi. Madzi amapeza kanjira m'kati mwa khoma, mwina m'una wa ciswe, mwina pamene panaola muzu wa mtengo, ndipo amayamba kunyamula dothi pang'ono pang'ono. Kanjirako kamakula miyezi yambiri popanda womva, kenaka khoma lititimira m'maora ocepa. Ici ncifukwa cace mtengo wa mthunzi womera pa khoma, umene alendo aukonda kwambiri, uli mdani wa damu. Ng'ombe nazonso zikazolowera kutsikira pamodzimodzi zimakumba mkwasa umene mvula idzausandutsa cigwembe.

Cizindikiro cimene munthu aliyense angathe kuciona ndi ici: pitani kunsi kwa khoma m'mwezi wa October, udzu utauma. Mukapeza malo obiriwira ndi madzi oyera akudontha, mwini damu awayang'anire. Koma madziwo akakhala amatope, ndiye kuti khoma lirinkudyeka m'kati, ndipo a kumunsi ayenera kuuzidwa tsiku lomwelo.

Lamulo la madzi la caka ca 2011 linakhazikitsa bungwe la WARMA, ndipo wofuna kucinga mtsinje ayenera kutenga cilolezo kumeneko. Koma madamu ambiri a m'mafamu ndi akale kuposa lamulolo, ndipo oyendera sangafike pa khoma liri lonse mvula isanayambe. Pa ici ife tiganiza kuti mwini amene alandira ndalama pa geti alibe cowiringula. Ndalama za Sabata limodzi zikhoza kulemba anyamata olambula mpata wa madzi ndi kukumba zulu za ciswe, ndipo nchito yotere iyenera kutha mwezi wa November usanafike.