Kachitsulo kamene kamagoba zilembo

Mumzinda wa Rome muli chipilala cha mfumu Trajan chimene anachimaliza m'chaka cha 113. Patsinde pake pali mizere 6 ya zilembo zogobedwa pamwala, ndipo mpaka lero amisiri olemba zikwangwani amaphunzirirabe pa zilembo zimenezi. Mmisiri amene anazigoba ankalowetsa tchizulo mopendeketsa kuchokera mbali iyi, n'kubwerezanso kuchokera mbali inayo, mbali ziwirizo n'kukakumana pansi mwa maonekedwe a V. Dzuwa likawomba, mbali imodzi imawala, ina imagwira mthunzi, chilembo n'kumaoneka munthu ali patali ngakhale penti itatha kalekale. Pamene mzere ndi wonenepa tchizulo inkazama, pamene ndi wowonda inkangopalapasa pamwamba, ndipo kumathero kwa chilembo ngalandeyo inkakwera pang'onopang'ono mpaka kuthera pa kansonga kakuthwa.

Ine ndimagoba zikwangwani za mayina a nyumba, za masitolo ndi za pamanda ndi kamakina kakang'ono ka CNC, koyendetsedwa ndi kompyuta, kawirikawiri pa mlombwa, pa paini ndi pa pulayiwudi. Anthu akabwera kudzaona ntchito, mafunso awo amathera pa kompyuta ndi pa mtengo wa makinawo. Sindinamvepo wina akufunsa za biti, kachitsulo kotalika ngati chala kamene kamazungulira kunsonga kwa rauta, mota ya makinawo, chonsecho pa makina onsewo ndi kokhako kamene kamakhudza thabwa. Mbiri ya ntchito yathuyi ndimaiwerengera pa kachitsulo kameneka.

Amene anayamba kugoba zilembo zamatabwa ndi chitsulo chozungulira anali anthu osindikiza. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800 eni malonda ku America ankafuna zikwangwani zapepala za zilembo zikuluzikulu zomata m'makoma. Zilembo zosindikizira za nthawi imeneyo zinkaumbidwa ndi mtovu wosungunula. Zing'onozing'ono zinkatuluka bwino, koma zazikulu zinkalemera, zinkadula mtengo, ndipo pozizira zinkatsika pakati moti inki sinkagwira mofanana. Kuzisema pamtengo ndi manja kunali kotheka, koma chilembo chimodzi chinkadya nthawi yambiri, makamaka pochotsa thabwa lonse lozungulira chilembocho. Mu 1827 Darius Wells wa ku New York anapanga makina okhala ndi kampeni kozungulira mwaliwiro kamene kankadya thabwa cham'mbali, ndipo mu 1828 anatulutsa kabuku koonetsa zilembo zamatabwa zimene ankagulitsa. Mu 1834 William Leavenworth analumikiza kampeniko ku pantogirafu, chipangizo cha timikono tinayi tolumikizana chimene wansembe wa ku Germany, Christoph Scheiner, anapanga mu 1603 kuti azikopera zojambula. Kuyambira pamenepo mmisiri ankangoyendetsa kandodo m'mphepete mwa chilembo chachitsanzo, kwinaku kampeni kakugoba chilembo chomwecho pa thabwa lina, chachikulu kapena chaching'ono monga momwe watchera timikono tija.

Koma panali vuto limene makinawo analephera kulithetsa, ndipo aliyense amene wagwirapo rauta akulidziwa. Chinthu chozungulira sichingadule ngodya yakuthwa yam'kati. Mukachiyendetsa m'kati mwa chilembo cha A kapena pamphanda ya K, chimasiya kakona kobulungira kolingana ndi kunenepa kwa chitsulocho. Ku fakitale ya J. Edward Hamilton, imene inayamba mu 1880 m'tauni ya Two Rivers ku Wisconsin ndipo inadzakula kuposa onse opanga zilembo zamatabwa ku America, kunali anthu amene ntchito yawo inali yomweyi basi: chilembo chikachoka pa pantogirafu, iwo ankachitenga n'kusongola makona onse ndi timipeni ta m'manja. Anthu amenewa ndimawalemekeza kwambiri. Mayina awo sali pa zikwangwani zimene zinasindikizidwa, koma kukongola konse kwa zilembozo kunkadutsa m'zala zawo. Ku Two Rivers kuli nyumba yosungirako mbiri ya ntchitoyi, ndipo pantogirafu yakale ikugobabe zilembo kumeneko.

Vuto lachiwiri linali kutentha. Chitsulo wamba chikanoledwa chimathwa bwino, koma chikazungulira mwaliwiro m'thabwa louma chimatentha, n'kufewa, n'kubuntha. Mu 1868 Robert Mushet wa ku England anasakaniza chitsulo ndi tungsten, n'kupeza chitsulo chimene chinkalimba chokha pozizira ndi mpweya. Kenako Frederick Taylor ndi Maunsel White, akugwira ntchito ku Bethlehem Steel ku America, anapeza njira yochiotchera kuti chizipirira moto, ndipo pa chionetsero cha ku Paris mu 1900 anthu anadabwa kuona mpeni ukudulabe chitsulo chinzake nsonga yake itafiira ndi kutentha. Chitsulo chimenechi ndi chija chimalembedwa kuti HSS pa mabiti ambiri a m'mahadiweya.

Chimene timagwiritsa ntchito kwambiri lero chinachokera ku mababu a magetsi. Kampani ya Osram ku Berlin inkafuna chinthu cholimba chokokerapo waya wa tungsten wa m'mababu m'malo mwa dayamondi amene anali wodula. Mu 1923 Karl Schröter anatenga ufa wa tungsten carbide (kabaidi), n'kuumata ndi cobalt pamoto waukulu, ndipo patangopita zaka zochepa kampani ya Krupp inayamba kugulitsa mipeni ya chinthu chatsopanochi pa dzina la Widia. Kabaidi amakhalitsa asanabunthe, makamaka pa pulayiwudi ndi pa bodi ya MDF pamene guluu amadya mpeni msanga. Koma ndi wofwanthuka. Biti ya kabaidi ikagwa pa simenti, mukaitola n'kuiyang'ana padzuwa mumaona kansonga katabenthuka, ndipo ntchito yake yathera pomwepo. Nthawi zina ndikamaigwira ndimakumbukira kuti cobalt woposa theka wa padziko lonse amakumbidwa ku Congo, ndipo wina amachokera m'migodi ya ku Zambia. Miyala imachoka kufupi nafe konkuno, n'kubwerera ili m'kachubu ka pulasitiki, mtengo wake uli m'madola.

Za rauta ya m'manja ndingodutsapo. Cha m'ma 1915 Oscar Onsrud ndi mwana wake Rudy ku Chicago anapanga yoyendera mpweya, ndipo dzina lawo likupezekabe pa mabiti mpaka lero. Amisiri a matabwa anailandira ndi manja awiri, koma njira yake inkalondolerabe dzanja kapena chitsanzo.

Dzanja linayamba kuchokapo nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha. John Parsons, amene ankapanga mapiko a helikopita ku Traverse City ku Michigan, pamodzi ndi injiniya wake Frank Stulen, anagwiritsa ntchito makina owerengera a makadi obowola kupeza manambala a mfundo zambirimbiri za mpendero wa phiko. Asilikali a ndege a ku America anawapatsa kontirakiti mu 1949, ndipo mu 1952 akatswiri a ku yunivesite ya MIT anaonetsa makina odula zitsulo amene ankawerenga malangizo pa tepi yobowola. Kwa zaka makumi angapo makina oterewa anali a mafakitale a ndege ndi a magalimoto. Mu 1996 Ted Hall wa ku North Carolina, mphunzitsi wa pa yunivesite amene ankakonda kukhoma maboti a pulayiwudi, anayambitsa ShopBot, makina oti munthu angaike m'galaja. Mu 2009 Simen Svale Skogsrud wa ku Norway anapereka ulere pulogalamu ya Grbl yoyenda pa kabodi kotchipa ka Arduino, ndipo timakina ta ku China totchedwa 3018, togoba malo a masentimita 30 kwa 18, timayendera yomweyo.

Chimene kompyuta inabweretsa ndimachiona bwino ndikamagoba chilembo cha N. Biti ya V imalowa pakati pa mzere wonenepa, yazama, utuchi wofiira wa mlombwa ukuuluka. Ikamayandikira kona imayamba kukwera uku ikuyendabe cham'mbali, ngalande n'kumachepa, n'kumachepa, mpaka kansonga kokha ndiko kakukhudza thabwa, kenako yatuluka. Kona yatsala yakuthwa, palibenso chosongola ndi mpeni. Ntchito imene ku Two Rivers inkafuna munthu wachiwiri yatheka chifukwa chitsulocho ndi chosongoka ndipo makina atha kuchikweza ndi kuchitsitsa chili paulendo. Kagobedwe kake ndi komwe kaja ka mmisiri wa ku Rome.

Choncho wofuna kugoba zilembo ayambe ndi biti ya V, ndipo adziwe kusiyana kwa ya madigiri 90 ndi ya 60. Ya 90 imatsegula ngalande yotakata kawiri kuya kwake: mzere wa mamilimita 10 umafuna kuzama mamilimita 5. Ya 60 pa mzere womwewo imazama pafupifupi mamilimita 9. Pa zilembo zazikulu pa thabwa lopyapyala, ya 60 ingabowole mpaka kuseri. Pa zilembo zing'onozing'ono, monga za vesi pa chikwangwani cha pamanda, ya 90 imangokanda pamwamba ndipo mukapaka vanishi zilembo zimazimirira. Pamenepo m'pofunika ya 60, kapena ya 30 ngati tizilemboto n'tating'ono zedi.

Zodulira nazo zili ndi makhalidwe awo, ndipo chinsinsi chili pa kupotana kwa mano ake. Ina mano ake amakokera utuchi m'mwamba. Imeneyi imayeretsa ngalande ndipo sitentha msanga, koma pa pulayiwudi imanyamula khungu la pamwamba n'kusiya m'mphepete muli manyanyaza. Ina imakankhira pansi: pamwamba pamatuluka posalala, koma utuchi umadzazana m'ngalande, ndipo mukaizamitsa kwambiri kapena kubowola nayo molunjika, mumamva fungo la thabwa lopserera. Utuchi wotentha wotero ungayake moto, ndipo makina oterewa sasiyidwa okha. Yachitatu inaphatikiza ziwirizi, kunsonga imakokera m'mwamba, kumtunda imakankhira pansi, kuti mbali zonse za bodi zituluke bwino. Koma imagwira ntchito pokhapokha ulendo woyamba uzame kupitirira kachigawo ka kunsonga kaja, ndipo timakina tofooka sitikwanitsa. Pa pulasitiki ya akiriliki ndimaika ya dzino limodzi, chifukwa ya mano ambiri imasungunula pulasitikiyo n'kudzimata nayo. Ya mutu wobulungira ndi ya zosema zokhala ndi zitunda ndi zigwa, monga nkhope kapena maluwa.

Akuluakulu amati kuthamanga sikufika, koma ongoyamba kumene ambiri amaononga mabiti chifukwa choyenda pang'onopang'ono moopa kuthyola. Dzino lililonse liyenera kuluma kachibenthu kooneka, pakuti kutentha kumachoka ndi kachibenthuko. Rauta ikamazungulira ka 18,000 pa mphindi, biti ili ya mano awiri, makina n'kumayenda mamilimita 1,800 pa mphindi, dzino lililonse likuluma mamilimita 0.05. Mukachepetsa liwiro la ulendo kufika pa 300 koma rauta ikuzungulirabe chimodzimodzi, mano aleka kudula, ayamba kukhuta thabwa. Tapani zimene zikutuluka, muziike pachikhatho. Zikakhala tizibenthu, zinthu zili bwino. Zikakhala zosalala ngati ufa woyera ndipo biti yada kunsonga, mukuipha. Kutentha kumene kunavutitsa Mushet ndi Taylor sikunathe, ngakhale kabaidi amakupirirako.

Pali chinthu china chimene chimandipweteka mtima chifukwa ndaona anzanga akutaya nacho ndalama. Mabiti ambiri amapimidwabe m'mainchi monga ku America: thunthu la kota ya inchi ndi mamilimita 6.35, la gawo limodzi mwa magawo 8 ndi 3.175. Koma marauta ambiri amene amafika kuno amabwera ndi chogwirira biti cha mamilimita 6 kapena 8. Ndi maso, 6 ndi 6.35 n'zofanana. Wina anandigulitsapo mabiti a mamilimita 6 akulumbira kuti ndi a kota ya inchi, ndipo nditawapima ndisanachoke pa kauntala anangoti onse amagula omwewo. Biti yowonda m'chogwirira chachikulu imasolola pang'onopang'ono ili pantchito, zilembo n'kumazama mosiyana, mwinanso kuthyoka n'kuuluka. Yonenepa mukaikakamiza m'chogwirira chaching'ono, mwaononga chogwiriracho.

Inu amene mwagula kamakina kanu kapena mukusunga ndalama zoti mugule, musathamangire bokosi la mabiti 50 otchipa. Gulani atatu abwino a kabaidi: ya V ya madigiri 60, yodulira ya mano awiri yokokera m'mwamba, ndi yokankhira pansi. Pimani thunthu lake musanalipire, valani magalasi ndi chophimba kumphuno chifukwa fumbi la MDF ndi loipa m'chifuwa, ndipo biti iliyonse muiyese kaye pa chidutswa cha thabwa musanaiike pa mlombwa wa kasitomala.