Mmene mowa ndi mankhwala ena amachepetsera folate m'thupi

Folate ndi vitamini ya m'gulu la B, yomwe imatchedwanso B9. Thupi limaigwiritsa ntchito popanga maselo atsopano, makamaka maselo ofiira a magazi. Imapezeka m'ndiwo zamasamba monga bonongwe, nkhwani, mpiru ndi khwanya, komanso mu nyemba, nandolo, mtedza, mapeyala, malalanje ndi chiwindi. Yopangidwa ku fakitale, yomwe imaikidwa m'mapiritsi ndi mu ufa wowonjezeredwa michere, imatchedwa folic acid. Munthu wamkulu amafunika mamaikulogalamu 400 pa tsiku, pomwe mayi woyembekezera amafunika 600. Folate yomwe thupi limasunga imangokwanira miyezi itatu kapena inayi. Choncho munthu angathe kuperewedwa vitaminiyi ngakhale akudya ndiwo zamasamba, ngati mowa kapena mankhwala zikuilepheretsa kugwira ntchito.

Zotsatira za kuchepa kwa folate

Folate ikachepa, magazi amachepanso. Munthu amatopa msanga, amachita phuma akagwira ntchito pang'ono, amamva chizungulire, zikhatho zimayera, ndipo lilime limawawa. M'nyengo yolima, ambiri amangoziyesa kutopa kwa kumunda.

Chiopsezo chachikulu chili pa mwana wosabadwa. Mbali yomwe imadzakhala ubongo ndi mtsempha wa msana imamaliza kutsekeka pofika tsiku la 28 mayi atatenga pakati, nthawi yomwe amayi ambiri amakhala asanadziwe kuti ndi oyembekezera. Folate ikasowa pa masiku amenewa, mwana angathe kubadwa ndi msana wosatsekeka bwino kapena ubongo wosakwanira.

Mowa

Mowa wamtundu uliwonse, kaya kachasu, masese kapena wa m'mabotolo, ukamamwedwa mwauchidakwa umawononga folate m'njira zitatu. Umalepheretsa matumbo kuyamwa folate ya m'chakudya, umachepetsa mphamvu ya chiwindi yoisunga, komanso umachititsa kuti impso ziitaye yambiri mu mkodzo. Kuwonjezera apo, anthu omwa kwambiri nthawi zambiri sadya mokwanira. N'chifukwa chake uchidakwa uli m'gulu la zinthu zazikulu zoyambitsa kuchepa kwa vitaminiyi.

Mankhwala

Mankhwala ena amatseka njira yomwe folate imadzera kuti igwire ntchito. Methotrexate, yemwe amathandiza odwala khansa ndi nyamakazi yotupitsa mfundo, amagwira ntchito motero, ndipo odwala nyamakazi kawirikawiri amapatsidwa folic acid pofuna kuchepetsa zovuta za mankhwalawa.

Cotrimoxazole, wodziwika kuti Bactrim, ndi SP, wodziwika kuti Fansidar, amapha tizilombo pozimana folate, ndipo angathe kukhudzanso folate ya munthu, makamaka yemwe ali nayo kale yochepa. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti mayi woyembekezera yemwe akumwa Bactrim tsiku ndi tsiku, monga amachitira ambiri omwe ali ndi HIV, asapatsidwenso SP yotetezera malungo. Limalangizanso kuti mayi wolandira SP asamwe folic acid wa mamiligalamu 5 kapena kuposerapo pa tsiku, chifukwa mlingo umenewu umafooketsa SP. Mlingo wa mamaikulogalamu 400, womwe umaperekedwa pamodzi ndi ayironi, ulibe vutoli.

Mankhwala a khunyu monga phenytoin, phenobarbitone ndi carbamazepine amachepetsa folate m'magazi akamwedwa kwa nthawi yaitali, ndipo sodium valproate amakweza chiopsezo cha kulumala kwa msana wa mwana. Folic acid nayenso angathe kuchepetsa mphamvu ya phenytoin, wodwala n'kuyambanso kugwa. Sulfasalazine, wa matenda otupitsa matumbo, amalepheretsa folate kuyamwidwa.

Zoyenera kutsata

Wodwala asasiye mankhwala a khunyu, Bactrim kapena methotrexate payekha chifukwa choopa kuchepa kwa folate, pakuti kusiyako n'koopsa kuposa vuto lomwe akuliopa. Afotokozere achipatala mankhwala onse omwe akumwa ndi kuchuluka kwa mowa womwe amamwa, mosabisa.

Mayi yemwe akumwa mankhwala a khunyu ndipo akufuna kukhala ndi mwana aonane ndi dokotala asanatenge pakati, kuti mankhwala ndi mlingo wa folic acid ziunikidwe nthawi ikadalipo. Mayi aliyense woyembekezera ayambe sikelo msanga, amwe mapiritsi owonjezera magazi monga mwa malangizo, ndipo apeweretu mowa.

Munthu woona zizindikiro za kuchepa kwa magazi akayezetse kuchipatala m'malo mongogula mapiritsi. Malungo, njoka za m'mimba ndi kusowa kwa vitamini B12 zimachepetsanso magazi, ndipo folic acid angathe kubisa kusowa kwa B12 pomwe mitsempha ikupitiriza kuwonongeka.

Pakhomo, ndiwo zamasamba zisaphikidwe mopyola ndipo msuzi wake usatayidwe, chifukwa folate imawonongeka ndi moto komanso imasungunukira m'madzi. Ufa wogayitsa kuchigayo cham'mudzi sukhala wowonjezeredwa folic acid, choncho nyemba ndi masamba zisasowe pa chakudya.

Amalonda akukumbutsidwa kuti Bactrim, Fansidar ndi mankhwala a khunyu si katundu wa pamsika kapena m'golosale. Amayenera kuperekedwa kuchipatala kapena m'mafamase ovomerezeka, komwe wodwala amafunsidwa kaye za mankhwala ena omwe akumwa.