Ndalama za Nkhalango ndi Moto Wolusa

Caka ndi caka, kuyambira Agosto mpaka Outubro, thengo la dziko lathu la Mozambique limapsa. Udzu umakhala wouma ndipo mphepo imakhala yamphamvu. Wina amayatsa moto pososa munda, wina posaka mbewa, wina pofula uci. Moto ukathawa, suzindikira mwini wake. Umatentha nkhokwe, udzu wofolera, mitengo ya milimo ndi nyumba zomwe.

Makolo athu anali kuudziwa moto. Anali kutentha udzu usanaumitsitse, dzuwa litapendeka, ndipo anali kulambula kuzungulira mudzi ndi manda. Koma pa nthawi ya atsamunda Acipwitikizi, phindu la matabwa ndi nyama linali kupita kwa makampani ndi boma lawo. Anthu a m'midzi sanali kulandira kanthu. Munthu sasamala nkhalango imene akuiona ngati ya eni ake.

Tinalandira ufulu mu 1975, ndipo nthaka inakhala ya dziko lonse. Nkhondo itatha mu 1992, boma linayamba kuyesa njira yatsopano. Ku Bawa, m'distritu ya Mágoè ku Tete, kunayamba ncito yochedwa Tchuma Tchato, ndiye kuti cuma cathu. Mu 1995 boma linalamula kuti pa ndalama zimene alendo osaka nyama anali kulipira kumeneko, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu lizibwerera ku midzi.

Mu 1999 kunabwera lamulo la nkhalango ndi nyama za m'thengo. Lamulolo linati kutentha nkhalango mwadala ndi mlandu wa ndende. Malamulo otsatira a 2002 ndi 2005 anawonjezera mfundo ina: pa ndalama 100 zilizonse zimene boma lalandira kwa odula matabwa, 20 zizipita ku midzi ya kumene mitengoyo yadulidwa. Kuti mudzi ulandire, unayenera kusankha komite ya amuna ndi akazi, kuilembetsa ku boma ndi kutsegula buku ku banki.

Apa ndi pamene panavuta. Mabanki anali kutali. Anthu ambiri analibe ziphaso, ndipo ena sanali kutha kusaina dzina lawo. Midzi yambiri inadikira zaka osaona ndalama zake. Midzi imene inalandira inagula zigayo, inakumba zitsime, ina inamanga zipinda za sukulu.

Moto sunadikire. Mu 2007 boma linavomereza pulani ya zaka 10 yolimbana ndi moto wolusa. Koma m'Setembro 2008 moto unapha anthu opitirira 30 ku Manica, Sofala ndi Zambézia, ndipo mabanja ambiri anatsala opanda nyumba ndi cakudya.

Mbiri iyi ikutiphunzitsa ciani, anzathu? Ndalama za boma zimathandiza pamene mudzi wagwirizana ndipo ukudziwa cimene ndi cake. Komite ikhale ndi anthu otha kuwerenga ciwerengero ca ku banki ndi kucifotokoza pa msonkhano, pamaso pa onse. Pa ndalamazo tipatuleko zogulira makasu, zikwanje ndi njinga za oyang'anira thengo. Njira yochinga moto ilambulidwe mu Junho, udzu usanaume.

Mafunso okambirana

1. Kodi moto wolusa umayamba bwanji m'dera lathu?
2. N'cifukwa ciani midzi ina inacedwa kulandira ndalama zake?
3. Kodi mudzi wathu uli ndi komite ya nkhalango? Ndani amasunga buku lake?