Magalimoto Amene Ankakana Kufa

Mukachoka ku Chipata kutsata msewu wa ku Lundazi, mukapitirira pa Mgubudu n'kupatukira m'kanjira ka fumbi, pali mudzi wina kumene kuseri kwa nkhokwe kwagona Land Rover yakale. Matayala anaphwa kalekale, mipando inatha ndi makoswe, ndipo nkhuku zinapezamo poikira mazira. Thupi lake lokha ndilo lakana dzimbiri, pakuti ndi la aluminiyamu. Chaka chathachi kunabwera anyamata ogula zitsulo zakutha, atanyamula sikelo yawo, nafuna kuigula pa makilo. Amalume athu, eni galimotoyo, anawakaniza. Anyamatawo anachoka akuseka kuti nkhalamba yakakamira chigoba chopanda ntchito.

Ife amene tinakwerapo m'chigobamo sitinaseke. Koma kuti inu obadwira m'tauni mumvetse chimene mkuluyo anakanira, tiyambire patali pang'ono.

Tauni yathu kale inkatchedwa Fort Jameson, ndipo inali likulu la North-Eastern Rhodesia mpaka chaka cha 1911. Masiku amenewo katundu ankabwera pamitu pa amtengatenga kuchokera ku Tete ndi ku Nyasaland, azungu akunyamulidwa pa machila. Magalimoto atafika, anali a alimi a fodya achizungu, a kampani ya North Charterland imene inatenga malo ambiri ozungulira tauniyi, a boma, a amishoni, kenaka a amwenye a masitolo. Munthu wakuda ankalowa m'galimoto pa zifukwa zitatu: kuyendetsa ya mwini wake, kukweza ndi kutsitsa katundu, kapena atamangidwa chifukwa cha msonkho. N'chifukwa chake ambuye athu ankati kale Land Rover ikamveka kudambo, amuna ena ankayamba kaye alowa m'tchire, n'kumafunsa pambuyo kuti abwera ndani.

Ulendo wa ku Lusaka, mtunda wa makilomita oposa 550, unali wa pa msewu wa dothi. Kunkayenda mabasi a Thatcher and Hobson, amene pambuyo pake anakhala a Central African Road Services, ndipo boma la Zambia litawatenga, dzina linasanduka United Bus Company of Zambia, UBZ ija makolo anu amaitchula ngati dzina la m'bale. Wokwera ankanyamula kamba wa masiku, bulangeti ndi poto. Ulalo waukulu wa pa Luangwa umene timawoloka lerowu unatsegulidwa mu 1968. Ngakhale tala atabwera, basi ikafika pa mapiri a Manenekela macheza ankatha okha, amayi n'kuyamba nyimbo za kutchalitchi chamumtima.

Ufulu utabwera mu 1964, ndi pamene tinayamba kuona anthu athu ali ndi magalimoto awoawo. Anali aphunzitsi aakulu, makalaliki a pa boma, amuna opuma ntchito ku migodi ya ku Copperbelt, ndi alimi amene fodya kapena chimanga chinawayendera bwino. Ku Chipangali, dera la alimi, galimoto yoyamba ya munthu inkakhala ndi dzina ngati ng'ombe ya m'khola. Mwana aliyense ankaidziwa ndi kulira kwake isanatulukire.

Inalipo Peugeot 404, ya chizindikiro cha mkango, giya yake ili pambali pa chiwongolero. Magalimoto a mtundu umenewu anapambana mpikisano wa East African Safari Rally mu 1963, 1966, 1967 ndi 1968, ndipo mng'ono wake, 504, anapambana mu 1975. Kwathu sitinkadziwa za mipikisanoyo. Tinkangodziwa kuti 404 ya pikapu imanyamula matumba a chimanga, anthu pamwamba pa matumbawo, njinga ziwiri m'mbali ndi mbuzi yomangidwa miyendo, koma n'kukwerabe chitunda.

Inalipo Volkswagen Beetle, imene ana tinkaitcha fulu. Tsiku loyamba kuiona tinathamangira kutsogolo pamene mwini wake anatsegula boneti, koma tinapezamo thumba la mbatata ndi tayala. Injini inali kumbuyo. Sinkamwanso madzi, pakuti inkazizira ndi mphepo. Akulu ena anakana kukwera, amvekere chinthu chothamanga chosamva ludzu n'chosadalirika.

Analipo ma Datsun, malole a Bedford a mphuno yaitali amene ankatuta chimanga m'madepoti a NAMBOARD, ndi malole a IFA ochokera ku East Germany, amene dzina lake lokhalo linkatiopsa ife olankhula Chinyanja. Ndipo analipo ma Fiat. Achinyamata ambiri sadziwa kuti dziko lathu linkalumikiza magalimoto lokha. Kuyambira kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1970, fakitale ya Livingstone Motor Assemblers inkatulutsa ma Fiat, ndipo ku Ndola ankalumikiza ma Land Rover. Ka Fiat 127 kakafika ku Chipata kankakhala katayenda makilomita oposa 1,000 kuchokera ku Livingstone. Kanapangidwira misewu ya ku Italy, koma kankalima matope a ku Chipangali mopanda manyazi.

Zinthu zinatembenuka m'zaka zitatu zokha. Mu January 1973 malire athu ndi Rhodesia anatsekedwa. Chaka chomwecho mafuta anakwera mtengo padziko lonse. Pofika 1975 mtengo wa kopa, amene ankabweretsa pafupifupi ndalama zonse zakunja za dziko lino, unali utagwa. Popanda ndalama zakunja panalibe magalimoto atsopano okwanira, panalibe masipeya, ndipo nthawi zina ngakhale matayala ankasowa. Munthu amene anali ndi galimoto anazindikira kuti imene ali nayoyo ndi yomweyo, ina sidzabwera.

Apa ndi pamene magalimoto a kwathu anasanduka achilendo, oti ngakhale amene anawapanga sakanawazindikira. Land Rover ya amalume athu inali ndi injini ya galimoto ina, mpando wa basi, ndi nyale imodzi ya thirakitala. Chitseko cha kumanzere chinkatsekedwa ndi malegeni. Batire itatha, ankailiza ndi chitsulo chopukusa chimene ankalowetsa kutsogolo, ndipo tinaphunzitsidwa tili ana kuti chala chachikulu usachipinde pogwira, chifukwa injini ikabweza imathyola dzanja. Chitsulocho chitasowa, galimoto inkagona pa chitunda, mwala uli kutsogolo kwa tayala. M'mawa ntchito yathu inali kuchotsa mwala, kukankha, n'kudumphiramo ikalira.

Pampu ya mafuta itafa, anamangirira chigubu padenga, kapayipi n'kutsika mpaka ku kabuleta, petulo n'kumayenda yekha ngati madzi a m'ngalande. Thanki ikadontha ankamata ndi sopo. Ledieta ikachucha ankathiramo dzira laliwisi kuti likapsa litseke kabowo. Chubu chikang'ambika kotheratu pakati pa tchire, ankapakira udzu m'tayala kuti ingofika kumudzi. Zimenezi lero zimamveka ngati nthabwala, koma munthu amene ankazichita ankadziwa bwino njira imene mafuta, moto, mpweya ndi madzi zimayendera mu injini. Amakanika a pansi pa mtengo ku Kapata ndi ku Mchini ankamvetsera injini ndi khutu, sikuludiraiva itagunda pachitsulo, n'kukuuzani chimene chavuta. Ambiri sanafike patali ndi sukulu. Anaphunzira pogwirizira sipanala kwa zaka.

Galimoto yotere inali ndi mwini pa mapepala okha. Kunena zoona inali ya mudzi wonse, ndi midzi inanso isanu yoyandikana. Ndiyo inali ambulansi, ndiyo inkanyamula bokosi la maliro, ndiyo inkakatenga mkwatibwi, ndiyo inkabweretsa feteleza. Mwini wake sankatha kukana. Wosowa ndalama ankalipira nkhuku, lichero la mtedza, kapena tsiku limodzi lopalira m'munda.

Usiku wina wa dzinja, ife tili ana a sukulu ya pulaimale, kunagogoda anthu a mudzi wa kutsidya. Mayi wina anali atavutika ndi pakati kuyambira m'mawa, ndipo azamba anali atagwa mphwayi. Mvula inali itagwa masiku atatu. Amalume athu sanafunse za mafuta kapena za malipiro. Anangoti, “Dzutsani anyamata.” Tinakankha mumdima, galimoto inatsokomola kawiri n'kulira. Nyale ya thirakitala ija inazima tisanafike n'komwe pa msewu waukulu, ndiye mkulu wathu anakhala pa boneti atagwira tochi. Padambo tinatitimira. Amuna a mudzi wapafupi anatuluka ndi makasu ndi nkhwangwa, ena osavala malaya, n'kudula nthambi kuyala pansi pa matayala. Palibe anaitanidwa, anangomva injini ikubuula pamalo amodzi. Mayiyo ali kumbuyo anali atasiya kulira, ndipo ndicho chinatiopsa kwambiri. Tinafika kuchipatala ku Chipata tambala woyamba akulira. Mwana anabadwa wamoyo, mayi wake anachira. Lero mwanayo ndi mayi wa ana anayi, ndipo akabwera kumudzi amayamba wapita kuseri kwa nkhokwe kuja asanalowe m'nyumba.

Tisanamizane, si maulendo onse amene ankatha chomwecho. Alipo amene anafera panjira galimoto itakana kulira, alipo amene anagwa pa lole yodzaza mopitirira, ndipo mabuleki opopa katatu anasiya amasiye ambiri. Chimanga chinkavumbwa m'madepoti podikira malole. Ambiri mwa anthu athu sanakwere n'komwe magalimoto amenewa kupatula pa matenda ndi pa maliro. Choyendera chawo chenicheni chinali ngolo ya ng'ombe ndi njinga, ndipo si mwangozi kuti fakitale ya Luangwa Industries, yopanga njinga za Eagle, inamangidwa ku Chipata konkuno. Njinga zonyamula anthu zimene mumaziona m'tauni ndi zidzukulu za nthawi imeneyo.

NAMBOARD inathetsedwa mu 1989. Boma litasintha mu 1991, malonda anatseguka, ndipo magalimoto ogwirapo kale ntchito ochokera ku Japan anayamba kulowa ambirimbiri. UBZ inatsekedwa mu 1995, minibasi za anthu wamba n'kutenga malo ake. Kulumikiza magalimoto ku Livingstone kunatha. Corolla yotsika mtengo, yolira ndi kiyi kamodzi kokha, inachita zimene matope ndi kusowa kwa masipeya zinalephera: inagoneka Peugeot ndi Land Rover pansi pa mitengo ya mango. Lero Chipata ndi mzinda kuyambira 2017, Chipangali ndi boma palokha kuyambira 2018, ndipo mayi wodwala amaimbira foni wa njinga yamoto kapena wa takisi. Palibe mwa ife amene angafune kubwerera ku masiku a tochi pa boneti.

Komabe chilipo chimene chikutipulumuka. Galimoto ya lero ikadwala imafuna kompyuta, ndipo chowonongeka sachikonza, amachichotsa n'kugula china. Mnyamata akhoza kuyendetsa zaka zisanu osadziwa chimene chili pansi pa boneti. Amisiri aja ankasula sipeya kuchokera ku chitsulo cha khasu akutha mmodzimmodzi, ndipo palibe analemba zimene ankadziwa. Mbiri imene timaphunzira kusukulu imanena za mtengo wa kopa ndi za kutsekedwa kwa malire. Sinena za mmene mudzi wa ku Chipangali unapulumukira zaka zimenezo, ndi ndani anakankha, ndi ndani anagwira tochi. Mbiri imeneyo yatsala m'mitu ya nkhalamba ndi m'zigoba zimene zikugulitsidwa pa sikelo.

Sitikunena kuti musunge chitsulo chilichonse chadzimbiri. Njala ikavuta, chigoba chimagula thumba la feteleza, ndipo palibe angaweruze. Koma mukapita kumudzi pa tchuthi, musanafunse kumene netiweki imagwira, pitani kuseri kwa nkhokwe. Jambulani chigobacho ndi foni yanu, nambala yake ionekere. Kenaka khalani pansi ndi ambuye anu, muwafunse kuti galimotoyo inagulidwa ndi ndalama za chiyani, inkatchedwa dzina lanji, inanyamula ndani wamoyo ndipo inanyamula ndani womwalira. Tsegulani chojambulira mawu, muwasiye alankhule. Mawu a akulu amakoma akagonera, koma amagonera mwa munthu amene anawamva.

Ife tinawafunsa amalume athu chifukwa chimene anakanira ndalama za anyamata aja. Anayang'ana Land Rover yawo nthawi yaitali, nkhuku ikutuluka pa windo, ndipo anati, “Inu, munthu amene anakunyamulani pamsana mungamuyeze pa sikelo?”