Seveni ndi Seputembala: Pachibale Posiyana Ntchito

M'chaka cha 1894, Dr Robert Laws adasamutsa likulu la mishoni ya Livingstonia kuchoka ku Bandawe kupita ku Khondowe, m'boma limene lero likutchedwa Rumphi. Kumeneko adatsegula sukulu ya Overtoun yomwe idasula aphunzitsi, alaliki, akalaliki ndi amisiri. Sukulu zotere zidafalitsa zinthu ziwiri zachilendo: manambala a Chingerezi ndi kalendala.

Sikuti anthu a m'chigwa cha Henga ndi m'mapiri a Phoka sankadziwa kuwerenga zinthu. Chitumbuka, monganso Chichewa, chimawerenga mpaka zisanu, kenaka n'kumaphatikiza: zisanu ndi chimodzi, zisanu ndi ziwiri. Pa sileti ndi pa malonda njira imeneyi idaoneka yotalika, choncho mawu akuti sikisi, seveni, eyiti ndi naini adapeza malo. Nayo nyengo ankaidziwa poona mwezi kumwamba, mvula ndiponso mbewu kumunda. Koma kaundula wa sukulu ndi chiphaso cha msonkho zinkafuna dzina la mwezi lolembedwa.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Mawu akuti seveni ndi Seputembala adabwera ndi anthu amodzimodzi, ndipo ndi pachibale. Seputembala adachokera ku mawu a Chilatini akuti septem, otanthauza zisanu ndi ziwiri, ndipo akatswiri a zilankhulo adapeza kuti septem ndi seveni ali ndi kholo limodzi. Chodabwitsa n'chakuti Seputembala ndi mwezi wachisanu ndi chinayi. Momwemonso Okutobala, Novembala ndi Disembala akusenza manambala a Chilatini 8, 9 ndi 10, pamene malo awo pa kalendala ndi 10, 11 ndi 12.

Chisokonezochi sichidayambire ku Khondowe ayi, koma ku Roma. Aroma akale ankayamba chaka m'mwezi wa Malichi, ndipo powerenga kuchokera pamenepo Seputembala ankakhaladi wachisanu ndi chiwiri. Pambuyo pake Januwale ndi Febuluwale adaikidwa kutsogolo. Kuyambira m'chaka cha 153 Yesu asanabadwe, akuluakulu a boma la Roma ankalowa pa udindo pa 1 Januwale. Miyezi idasuntha, maina adatsala. Iwiri yokha ndiyo idavula manambala ake: Quintilis, wachisanu, adasanduka Julayi polemekeza Julius Caesar, ndipo Sextilis, wachisanu ndi chimodzi, adasanduka Ogasiti polemekeza Augustus. Ngakhale ku Ulaya nkhaniyi idatenga nthawi kuti ikhazikike. Ku Scotland, kwawo kwa Laws, adayamba kuwerenga chaka kuchokera pa 1 Januwale mu 1600, pamene ku England adakakamira pa 25 Malichi mpaka 1752.

Kusiyana kwa mawu awiriwa tsono kuli pa ntchito. Seveni amawerenga: ng'ombe seveni za ku Bolero sizingakhale naini, ndipo wogula akatero pamakhala mlandu. Seputembala sawerenganso kanthu. Adasanduka dzina chabe, ngati munthu wotchedwa Mavuto amene akukhala pabwino. Wophunzira wongodalira muzu wa mawu angalembe 7 pa deti pamene pafunika 9, kalata yake n'kubwerera m'mbuyo ndi miyezi iwiri.

Kwa mlimi wa ku Rumphi, Disembala alibe chochita ndi khumi. Ndi mwezi wa mvula, wobzala chimanga ndi kuwokera fodya.