Bawo ndi Padi pa Msika wa Nsungwi

Pamene likulu la dziko linachoka ku Zomba kudza ku Lilongwe m'chaka cha 1975, anthu a mitundumitundu nachulukana ku Area 25, amuna anadza nalo bawo, masewera amene amalonda a Chiswahili ndi Chiyao anafika nawo kunyanja m'masiku a makolo athu, nalikhazika m'makonde a magolosale pa Nsungwi. Lamulo lake linali losakayikitsa: thabwa la maenje 32, nkhomo 64 zogawidwa mofanana, ndi maso a oonerera amene sankalola munthu kubisa nkhomo m'chikhatho pamene akutakata.

Koma PlayStation, imene inabadwira ku Japan mu 1994, itafika m'tizipinda ta kuseri kwa msika, kumene kale anyamata ankaonerako mafilimu, kunabuka milandu imene akuluakulu a bawo sanaidziwe. Pakuti mpira wa FIFA, umene eni ake anautcha EA Sports FC mu 2023, suseweredwa ndi zida zolingana monga nkhomo, koma ndi mapadi, tizida togwira m'manja posewera. Padi ina imakhala yatsopano, ina mabatani ake anatopa ndi zala za anthu ambiri, ndipo wopatsidwa yotopayo amagonja mluzu usanalire. Chifukwa chake anyamata, popanda mfumu kapena buku, anapangana kuti pa mpikisano azisinthana mapadi pa hafu, kuti wodza ndi padi yake aionetse poyera, ndi kuti timu isankhidwe masewera asanayambe, pasakhale wina wothawira ku Real Madrid ataona kuti mnzake watenga timu yofooka. Utali wa hafu nawonso amayamba agwirizana, pakuti mwini chipinda amawerenga ndalama zake pa gemu iliyonse, ndipo wogonja ndiye alipira, wopambana nakhalabe pampando.

Mlandu woposa yonse ndi wa magetsi, pakuti chakudza sichiimba ng'oma. Akazima pakati pa masewera, wotsogola amafuna kuti zigoli zake ziwerengedwe, wotsalira amafuna kuyambiranso. Ndipo ine ndiima ndi iwo amene amasunga zigolizo nangomaliza mphindi zotsala magetsi akabwera, popeza si chilungamo kumlanda munthu thukuta lake chifukwa cha mdima umene sanauitane. Eni zipinda ena anagula majenereta ndi masola, mtengo wa gemu nukwera pang'ono, koma anyamata sanaleke kudza.