Tanthauzo la mawu: Kongiresi

Ambiri kuno akamva pa wailesi za "mpando wa Kongiresi" ku America, maganizo amathamangira kwa tambala wakuda wa chipani cha Kongiresi. Ayi ndithu. Mawuwa tidabwereka ku Chingerezi, nachonso chidawatenga ku Chilatini, kumene ankatanthauza kukumana pamodzi. Ku America, Kongiresi si chipani. Ndi nyumba yonse ya malamulo, ya zipinda ziwiri, ndipo cham'munsi chili ndi aphungu 435.

Ndiye mnzanu pa bawo akati, "Za Kongiresi ku Colorado kunali kalikiliki," akunena za kulimbirana uphungu. Akunenadi zoona. Mu 2022, m'dera lina lakumidzi la ku Colorado, ku America komweko, la oweta ng'ombe, lomwe kwa zaka zambiri lakhala likusankha chipani cha Republican, Lauren Boebert wa chipanichi adaposa Adam Frisch, yemwe ankalimbirana naye uphungu, ndi mavoti 546 okha, mpaka mavotiwo adachita kuwawerenganso.